Adokotala akakana zoti muchitidwe opaleshoni yochepetsa thupi

Kuno ku England, GP, dokotala amene munthu amayamba kuonana naye akadwala, sachita opaleshoni, ndipo si iye wogamula ngati mukuyenera kuchepetsedwa chifu kapena ayi. Mbali yake ndi kulemba kalata yokutumizani kwa akatswiri a ku chipatala chachikulu. Kumeneko kumakhala dokotala wa opaleshoni, katswiri wa zakudya, nesi ndi wa zamaganizo, ndipo iwowa ndi amene amakupimani n'kupereka yankho. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa ife Amalawi tinaleredwa mopatsa dokotala ulemu wosayankha nawo. Kwathu akangoti ayi, umati zikomo adokotala, n'kutola kabuku kako ka kuchipatala, ulendo. Khalidwe limeneli tinabwera nalo pa ndege, ndipo pa nkhani iyi limatipweteketsa.

Ineyo ndinachitidwa ya sleeve, yodula n'kuchotsa gawo lalikulu la chifu. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, kawirikawiri usiku, ndipo pa nthawi imene ndinkapempha kalata ndinali kale ndi shuga, BP, ndi mawondo olira ndikamakwera masitepe. GP woyamba anandiyankha maso ali pa kompyuta: chepetsani kudya, muziyenda. Ngati kuti munthu wotembenuza odwala usiku wonse amakhala pampando. Choncho zimene ndikulembazi ndi zimene ndimauza anzanga akandiimbira foni atatuluka m'chipinda cha dokotala mtima uli phuphuphu.

Choyamba, musatuluke musanadziwe chifukwa chimene akukanira. Funsani modekha kuti, adokotala, mukuona chiyani pa thupi langa chimene chikukupangitsani kuti musanditumize? Ndiye mukhale chete, ayankhe. Kukana kwa dokotala kumabwera pawiri, ndipo simungadziwe chochita musanasiyanitse.

Pali kukana kokhala ndi mutu. Ngati mumasuta, dokotala akunena zoona, chifukwa fodya amachedwetsa bala kupola ndipo amabweretsa zilonda pamene alumikiza chifu ndi matumbo. Ngati mowa wakulowererani, akunenanso zoona: mukachitidwa opaleshoni, makamaka ya bypass, yolambalalitsa chakudya mbali ina ya chifu ndi matumbo, mowa umalowa m'magazi mofulumira kwambiri, ndipo ena amagwa m'uchidakwa atachepa kale thupi. Ngati mukufuna kutenga pakati chaka chino, imani kaye, chifukwa madokotala amalangiza kudikira miyezi 12 mpaka 18 kuchokera pa opaleshoni, pamene thupi likutsika mothamanga ndipo mwana sangapeze chakudya chokwanira. Mapiritsi olera nawonso sadalirika kwenikweni ukachitidwa bypass, n'chifukwa chake ambiri amawauza kuti aike lupu kapena kachipangizo ka pamkono. Magazi ochepa, matenda a maganizo amene sanakhazikike, chizolowezi chodya mosadziletsa mpaka kudwala: zonsezi ndi zifukwa zenizeni. Koma taonani bwino, pafupifupi zonsezi zikutanthauza kuti osati panopa. Ndiye mufunse kuti tikonze chiyani, tiyambire pati, ndipo ndibwerenso mwezi uti. Tsikulo alilembe.

Ndiye pali kukana kwina, kochokera m'maganizo a dokotalayo basi. Mumakuzindikira ndi mawu ake. Simunayesetse mokwanira. Opaleshoni ndi njira ya chidule. Ndi yoopsa kwambiri. Madokotala ena anaphunzira nthawi imene opaleshonizi zinkachitika potumbula mimba yonse, ndipo mantha a nthawi imeneyo akadali nawo. Masiku ano amaboola timabowo ting'onoting'ono n'kulowetsa kamera ndi zipangizo, ndipo munthu amatuluka m'chipatala pakangopita masiku ochepa. Sindikunena kuti ndi masewera. Pamene asoka pakhoza kudontha, magazi akhoza kuundana m'mitsempha, ndipo alipo amene amamwalira, ngakhale ndi ochepa kwambiri. Koma shuga wosamva mankhwala nayenso amapha, amangopha mwakachetechete, kuyambira impso, maso ndi mapazi. Kafukufuku wamkulu wa ku Sweden amene anayamba mu 1987, wotsatira anthu zikwizikwi kwa zaka zambiri, anapeza kuti amene anachitidwa opaleshoni ankamwalira ochepa poyerekeza ndi anzawo a thupi lofanana amene anangolandira chithandizo cha nthawi zonse.

Kukana kwa mtundu uwu simungakugonjetse ndi misozi kapena mkwiyo. Pitani ndi manambala.

Bungwe la NICE, limene limalemba malangizo amene NHS, zipatala za boma, imatsatira ku England, limati munthu atumizidwe kukapimidwa ngati BMI yake ili 40 kapena kupitirira, kapena ili pakati pa 35 ndi 39.9 pamodzi ndi matenda amene angachepe thupi likatsika, monga shuga, BP, kapena kubanika kutulo kuja kumene munthu amaliza mkonono n'kumasiya kupuma. BMI ndi nambala yoyerekeza kulemera ndi kutalika, ndipo mumaipeza potenga makilogalamu anu n'kugawa ndi kutalika kwanu m'mamita, yankholo n'kuligawanso ndi kutalika komweko. Tsopano mfundo imene ambiri mwa ife sitiidziwa ndi iyi: kwa anthu akuda ochokera ku Africa ndi ku Caribbean, komanso a ku Asia ndi Middle East, malangizowo amati dokotala aganizire zotsitsa malirewo ndi 2.5, chifukwa matenda a shuga ndi a mtima amatigwira tisanafike pa kulemera kwa azungu. Ndiye kuti 40 uja amakhala 37.5, ndipo 35 amakhala 32.5. Mayi wotalika mamita 1.62 wolemera makilogalamu 99 ali ndi BMI ya 37.7. Pa tchati cha pakhoma amaoneka ngati sanafike, koma kwa Mmalawi wafika. Ndiponso ngati shuga ya mtundu wachiwiri (type 2) anakupezani nayo m'zaka 10 zapitazi, malangizo amati mupimidwe mwachangu BMI ikakhala 35 kupita m'mwamba, ndipo akhoza kukuganizirani ngakhale kuyambira pa 30.

China ndi chakuti mu 2023 NICE inachotsa lamulo lakuti munthu ayambe wayesa njira zina zonse asanatumizidwe kukapimidwa. GP amene akukuuzani kuti mubwerere kaye ku madayeti mwina akugwiritsa malangizo akale. Zonsezi tsopano zili mu chikalata chotchedwa NG246, chimene chinatuluka mu 2025, ndipo chili pa intaneti kwaulere. Sindikizani tsamba lokhudza opaleshoni mupite nalo. Dziwani komabe kuti dera lililonse lili ndi bungwe lake logawa ndalama za NHS, lotchedwa ICB, ndipo ena amaikabe zofunika zawo, monga kudutsa kaye mu pulogalamu ya akatswiri ochepetsa thupi kwa miyezi ingapo. Akakuuzani zimenezo, musakane. Nenani kuti chabwino, nditumizeni kumeneko lero.

GP amakupatsani mphindi 10 zokha, ndipo ife timathera zitatu pa moni ndi kupepesa. Poimba foni pemphani nthawi yowirikiza kawiri, ndipo nenani kuti nkhani ndi imodzi yokha. Lembani pepala limodzi, osati buku: kulemera kwanu ndi kutalika, matenda amene muli nawo, mankhwala onse amene mumamwa, zotsatira zaposachedwa za HbA1c (kuyeza magazi kosonyeza mmene shuga wakhalira miyezi yapitayi) zimene mungazione pa NHS App, ndi zimene munayesapo kale pamodzi ndi zimene zinatsatira. Ine ndinalembamo mmene ndinasiyira nsima, mmene ndinalowera kagulu koyezana sikelo sabata iliyonse, ndi mmene makilogalamu ankachokera n'kubwerera ndi anzawo. Mawu oti ndasankha opaleshoni asiyeni kunyumba. Amamuika dokotala pa mpando woweruza. Nenani kuti ndikupempha kuti munditumize ndikapimidwe ndi akatswiri, malinga ndi malangizo awa. Pempho lotere ndi lovuta kulikana, chifukwa simukumupempha kuti avomereze mpeni, mukungopempha kuti akulozereni khomo.

Muonetseninso kuti mukudziwa chimene mukupempha. Pa sleeve amadula n'kuchotsa gawo lalikulu la chifu, pafupifupi magawo atatu kapena kuposerapo mwa anayi, chotsalacho n'kukhala ngati nthochi, ndipo sichibwezedwa. Pa bypass amapanga kathumba kakang'ono pamwamba pa chifu n'kukalumikiza ku matumbo, chakudya n'kumalambalala mbali ina. Sleeve imatha kukulitsa chilungulira, choncho ngati muli nacho kale, chitchuleni. Mavitamini ndi a moyo wonse: ayironi, kasiyamu, vitamini D, ndipo ambiri amabayidwa jakisoni wa B12 miyezi itatu iliyonse. Bulufeni, indosidi ndi diclofenac, amene kwathu timangomwa mutu kapena msana ukatipweteka, mumawatsanzika, makamaka pa bypass, chifukwa amayambitsa zilonda. Dokotala akamva mukunena zimenezi nokha, nkhope imasintha.

Akhoza kukuuzani za majakisoni ochepetsa thupi, Wegovy kapena Mounjaro. Musachite ngati wakunyozani. Mankhwalawa amagwira ntchito, ndipo kwa ena ndi okwanira. Vuto lake ndi lakuti ambiri akasiya kubaya thupi limabwerera, kugula wekha mwezi ndi mwezi n'kodula, ndipo NHS ikuwapereka pang'onopang'ono kuyambira odwala kwambiri. Mukhoza kuvomera jakisoni ndi kupempha kalata nthawi yomweyo, popeza mzere wa opaleshoni ndi wautali, nthawi zambiri wopitirira chaka.

Akakanabe, pemphani mwaulemu kuti alembe mu fayilo yanu kuti munapempha kutumizidwa, iye anakana, ndi chifukwa chake. Ena amasintha maganizo pomwepo, chifukwa chifukwa chofooka chimavuta kulemba. Kenako pemphani kuonana ndi GP wina pa chipatala chomwecho. Ine ndinachita zimenezi, ndipo wachiwiriyo anawerenga pepala langa, anandifunsa za kugona ndi za mowa, n'kulemba kalata ndili pomwepo. Nesi wa shuga amathandizanso, chifukwa ndiye amaona manambala anu akukwera chaka ndi chaka, ndipo mawu ake GP amawamvera. Mulinso ndi ufulu wosamukira ku chipatala china cha GP osapereka chifukwa, komanso wolemba dandaulo kwa manijala wa chipatalacho kapena ku ICB. Dandaulo ndingalisunge pomalizira, ngati munanyozedwa kapena ngati akukana ngakhale kuyang'ana malangizo.

Chimene ndimachonderera anzanga kuti asachite ndi kutuluka mokwiya n'kukagula tikiti ya ku Turkey usiku womwewo. Zotsatsa zake zimadzadza pa Facebook ndi TikTok, mtengo wotsika, hotelo ndi galimoto zili momwemo. Kumeneko madokotala aluso aliko, koma boma la Britain lachenjezapo za anthu amene anamwalira atapita kukachitidwa maopaleshoni kumeneko, ndipo vuto lalikulu limayamba mukatera ku Manchester kapena ku Heathrow. Amene wachitidwa pa NHS amatsatiridwa ndi akatswiri kwa zaka ziwiri, kenako GP amamuyeza magazi chaka chilichonse. Amene wachitidwa kunja adzalandiridwa ku A&E, kolandirira odwala mwangozi, zikavuta mwadzidzidzi, koma chisamaliro cha mwezi ndi mwezi chija palibe amene amamulonjeza. Ndipo GP yemwe munamutukwana uja ndi yemweyo amene mudzamupemphe B12. Ngati mwatsimikiza kulipira nokha, kuno kapena kunja, muuzeni musanapite, ndipo mubwere ndi kalata yofotokoza opaleshoni imene mwachitidwa ndi zoyenera kuyezedwa.

Pali zinthu ziwiri zathu zimene dokotala wa kuno sangaganize kukufunsani, ndiye muzinene nokha. Ngati mumamwa ma ARV, nenani msanga, ndipo a ku kiliniki yanu alowe nawo m'nkhaniyi. HIV payokha siletsa opaleshoni munthu akamamwa bwino mankhwala, koma mapiritsi ena, monga rilpivirine ndi atazanavir, amafuna asidi wa m'chifu kuti alowe m'thupi, ndipo kasiyamu ndi ayironi zimasokoneza dolutegravir zikamwedwa popanda dongosolo. Angafunike kukusinthirani mankhwala kapena nthawi yomwera opaleshoni isanachitike. Ndipo ngati mumtima muli ndi pulani yodzabwerera kumudzi, inenenso. Funso lakuti mavitamini, jakisoni ndi kuyezetsa magazi mudzazipeza kuti mukadzakhala ku Ntcheu kapena ku Rumphi likhoza kusintha ngakhale mtundu wa opaleshoni imene akatswiri angakusankhireni, popeza bypass imatsitsa zakudya zolowa m'thupi kuposa sleeve.