Musafufute disiki yonse pofuna kuika Windows 11

Chiyambireni pamene kampani ya Microsoft idathetsa chithandizo cha Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, anthu ambiri akuthamangira kusintha makompyuta awo kuti akhale pa Windows 11, ndipo pali cholakwa chimodzi chimene chikubwerezedwa kwambiri moti sindingathenso kukhala chete. Munthu amalowetsa fulashi yoikira Windows, amafika pa tsamba limene limafunsa malo oikapo pulogalamuyo, kenako kompyuta imakana n'kunena kuti disikiyo ndi ya MBR, njira yakale yogawira disiki m'zigawo, pamene pakufunika ya GPT, njira yatsopano. Pamenepo, m'malo moima ndi kuganiza, amafufuta zigawo zonse za disiki chimodzichimodzi, kapena amatsegula diskpart, chida cha Windows choyendetsera madisiki, n'kulemba lamulo lakuti clean. Windows 11 imalowadi bwinobwino, koma zonse zimene zinali pa D: zimapita pompo.

Gwero la vutoli ndi chikhulupiriro chakale chakuti D: ndi malo otetezeka. Kwa zaka zambiri amisiri akhala akuuza anthu kuti azisunga mafayilo awo pa D: kuti pofomata C: asawonongeke, ndipo malangizowo anali oona pa nthawi imene ntchito inali kufomata chigawo chimodzi chokha. Koma pa malaputopu ambiri C: ndi D: ndi zigawo za disiki imodzi yomweyo, monga munda umodzi wogawidwa ndi malire, ndipo lamulo la clean limachotsa malirewo onse nthawi imodzi popanda kufunsa ngati mukutsimikiza. Choipa china n'chakuti pa tsamba loikira Windows zilembo za C: ndi D: sizioneka konse, pamaoneka Drive 0 Partition 1, Drive 0 Partition 2 ndi zinthu monga kukula kwa chigawo chilichonse, choncho munthu amene sadalembe kukulako asanayambe amangofufuta mongoganizira.

Chizolowezi chakuti vuto lililonse la kompyuta mankhwala ake ndi kufomata chandikwana. Kompyuta ikachedwa akuti fomatani, ikakana kusindikiza akuti fomatani, ndipo tsopano ikatchula GPT akuti fufutani zonse. Chomvetsa chisoni n'chakuti ena amataya mafayilo awo pa kompyuta imene siyenera n'komwe kulandira Windows 11, popeza pulogalamuyi imafuna kachipangizo kachitetezo ka TPM 2.0, njira yatsopano yoyatsira kompyuta ya UEFI yotha kugwiritsa ntchito chitetezo cha Secure Boot, memori yosachepera 4 GB, malo osachepera 64 GB, ndiponso purosesa ya Intel ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo, kupatulapo zochepa chabe, kapena ya AMD yofanana nayo. Malaputopu ambiri a kaunjika amene ali m'maofesi ndi m'masukulu mwathu ndi akale kuposa pamenepa.

Mlimi wina wa soya, amene ndi msungichuma wa kalabu ya alimi, adabwera ndi laputopu imene mphwake adaikamo Windows 11 pofuna kumuthandiza. Pa D: panali kaundula wa mamembala amene adatenga mbewu ndi feteleza pa ngongole, pamodzi ndi zimene aliyense adabweza kale. Iye sankadandaula za kompyutayo ayi, nkhawa yake inali yakuti akayamba kufunsa anthu kuti anene okha ngongole zawo, aliyense adzakumbukira zimene adabweza n'kuiwala zimene adatenga, ndipo mlandu wonse udzagwera iye. Adafunsa ngati mafayilowo angabwezeretsedwe. Akanaima atangofufuta, pulogalamu yonga TestDisk ikanatha kupezanso zigawozo, chifukwa clean imachotsa tebulo la zigawo koma sikhudza mafayilo enieniwo. Mphwakeyo sadaime, adaika Windows pamwamba pake, adatsitsa mapulogalamu, nakoperamo mafilimu ambiri, ndipo disikiyo inali ya SSD, mtundu umene umayeretsa wokha malo amene wauzidwa kuti ndi opanda kanthu. Zimene zidapezeka ndi tizidutswa tosatheka kuwerenga, ndipo kalabuyo idabwerera ku makope ndi malisiti amene adatsala m'nyumba za anthu.

Zonsezi zimachitika pamene Windows ili kale ndi chida chosinthira disiki kuchoka ku MBR kupita ku GPT popanda kufufuta kanthu. Chidachi ndi MBR2GPT, ndipo chakhala chilipo kuyambira pa Windows 10 ya mtundu wa 1703 imene idatuluka mu 2017. Chimafuna kuti disikiyo ikhale ndi zigawo za primary (zoima pazokha) zosapitirira zitatu, pasakhale chigawo cha extended kapena logical (tizigawo ta m'kati mwa extended), chifukwa chimafunika malo opangira chigawo chaching'ono cha EFI chimene kompyuta imayambirapo poyaka. Apa ndi pamene ambiri amakodwa, popeza MBR imalola zigawo za primary zinayi zokha, ndipo amisiri akale ankapanga D: ndi E: ngati logical pofuna kuzemba malire amenewa. Disiki yotere MBR2GPT imaikana, ndipo kukanako kukutanthauza kuti mafayilo asamutsidwe kaye, osati kuti afufutidwe.

Tsono chitani izi. Koperani mafayilo anu pa disiki ina yakunja, mutsegule angapo kuti muone ngati akoperedwadi, kenako muichotse pa kompyuta. Onani ndi pulogalamu ya Microsoft ya PC Health Check ngati kompyutayo ikuyenerera Windows 11. Ngati BitLocker, chida cha Windows chokhomera disiki ndi kiyi, ikugwira ntchito, iimitseni kaye ndipo mulembe pa pepala kiyi yake ya manambala 48. Yendetsani mbr2gpt /validate /allowFullOS, ndipo ikavomera muyendetse mbr2gpt /convert /allowFullOS, kenako mulowe mu BIOS, tsamba la makonzedwe a kompyuta limene mumalowamo ikamayaka, n'kusintha kuchoka pa njira yakale ya Legacy kupita pa UEFI, apo ayi kompyuta siyaka. Kusintha disiki kukhala GPT kumeneku sikubwezeka. Mukatero ikani Windows 11 muli mkati mwa Windows 10 n'kusankha kusunga mafayilo ndi mapulogalamu, ndipo tizigawo ting'onoting'ono ta EFI ndi Recovery musatikhudze ngakhale tikuoneka ngati tikungodya malo. Ngati mu kompyuta muli madisiki awiri ndipo mwasankha kuika Windows mwatsopano, zulani kaye imene ili ndi mafayilo anu mpaka ntchitoyo itatha.