Momwe mungawerengere paipi yochokera pa thanki musanapite ku sitolo

Ophunzira engineering ambiri timakhoza masamu a Bernoulli a kayendedwe ka madzi pa pepala, koma tikatumidwa kukalumikiza thanki kumudzi timangoima kumbuyo kwa pulambala n'kumagwedeza mutu. Ndili chaka chachitatu, azakhali anga anakumbitsa mjigo, nagula pampu ya sola, kenako anati, "Iwe wasukulu, tiwerengere zonse." Thanki inakwezedwa pa nsanja, mpope unali kukhitchini, mamita 60 kuchokera pamenepo.

Yambani ndi madzi amene mukufuna, paipi ibwera pambuyo. Ife tinagwirizana kuti ndowa ya malita 20 izidzaza pa mphindi imodzi. Ndiye kuti Q, kuchuluka kwa madzi odutsa m'paipi, ndi malita 0.33 pa sekondi, kapena 0.00033 m³/s.

Kenako yezani head, kutanthauza kutalika kochokera pamwamba pa madzi a m'thanki kutsika mpaka pakamwa pa mpope, molunjika, osati motsata paipi. Kapaipi koonekera m'kati kodzaza madzi, kamene amisiri omanga amapimira levulo, kamakwanira. Muyeze ngati kuti thanki yatsala pang'ono kuuma, chifukwa madzulo umu ndi mmene imakhalira. Kwathu kunatuluka mamita 2.5. Mwa p = ρgh (p ndi pulesha, ρ kulemera kwa madzi pa m³ iliyonse, g mphamvu ya dziko yokokera zinthu pansi, h ndi head), mita iliyonse ya madzi imapereka pulesha ya 9.81 kPa, ndipo pamafunika mamita 10.2 kuti mufike pa bar imodzi. Kukula kwa thanki sikulowamo m'pang'ono pomwe. Azakhali mpaka lero amati thanki ya malita 5,000 ili ndi pulesha yambiri kuposa ya 1,000, ndinasiya kutsutsana nawo.

Liwiro la madzi ndi v = Q/A, pomwe A ndi kukula kwa bowo la paipi mu m². Chotsatira ndi nambala ya Reynolds, imene imatiuza ngati madzi akuyenda mwabata kapena mwachipwirikiti, Re = vD/ν (D ndi diameter ya paipi m'mamita, ν ndi viscosity, kutanthauza kukhuthala kwa madzi), ndipo madzi a madigiri 20 ali ndi ν pafupifupi 0.000001 m²/s. Osborne Reynolds anaonetsa zimenezi ku Manchester mu 1883 polowetsa madzi a utoto m'paipi yagalasi: Re ikakhala pansi pa 2,300 madzi amayenda mwabata, utoto uli nga-nga ngati ulusi, koma kupitirira 4,000 amakhala chipwirikiti. Paipi ya pakhomo pafupifupi iliyonse ili m'chipwirikitimo.

Tsopano gawo limene linandichititsa manyazi. Madzi akamakhulana ndi khoma la paipi amataya mphamvu, ndipo fomula ya Darcy-Weisbach imatiuza kuchuluka kwake: hf = f(L/D)(v²/2g), pomwe hf ndi head yotayika, f nambala ya kukhulanako, L kutalika kwa paipi. Pa paipi yapulasitiki yosalala simufunikira kutsegula tchati cha Moody chopezera f, f = 0.316/Re^0.25 ya Blasius imagwira bola Re isapitirire 100,000.

Ine ndinasankha paipi yakuda ya 25 mm, n'kulemba D = 0.025. Zinatuluka v = 0.68 m/s, Re pafupifupi 17,000, f = 0.028, hf mamita 1.6. Pa mamita 2.5 amene tinali nawo panatsala chenji. Ndinauza azakhali kuti agule basi.

Tinakumba, tinayala, tinakwirira. Madzulo mpope utatsegulidwa, ndowa inatenga pafupifupi mphindi imodzi ndi theka, ndipo wina atatsegula mpope wa kubafa madzi a kukhitchini anasanduka ulusi. Pulambala wachikulire amene tinali naye sananene zambiri. Anatola kachidutswa ka paipi kotsala, nandipatsa, nati, "Achimwene, tayezani m'katimo." Ndinayeza: mamilimita 20. Pa paipi zakuda zapulasitikizi, zotchedwa HDPE, nambala yolembedwa ndi ya kunja, pomwe madzi amayenda m'kati. Ndinabwereza masamu nditakhala pa chitsa pomwepo: v = 1.06 m/s, Re pafupifupi 21,000, f = 0.026, hf mamita 4.5. Head tinali nayo 2.5 yokha, choncho madzi sakanatha kuyenda pa liwiro limene ndinalonjeza.

Taonani kusiyana kwake. Mamilimita 5 okha anachulukitsa kutayika kwa head pafupifupi katatu, chifukwa Q ikakhala yomweyo, hf imasintha motsutsana ndi D yochulukitsidwa yokha pafupifupi kasanu. M'kalasi tinaziona pa bolodi, koma ndinazimvetsa tsiku limene ndinafukula ndekha ngalande ya mamita 60, azisuweni akuseka pakhonde. Choncho pitani ku sitolo ndi vernier, kapena rula chabe, muwauze adule kachidutswa muyeze. Tinasintha n'kuika ya 32 mm, m'kati mwake 26, hf inatsikira pa mamita 1.3.

Za mitengo ndisakunamizeni, zimasintha kwacha ikangotsokomola, ndipo ya 32 idzakupwetekani m'thumba. Komabe kugula kawiri ngati ife n'kowawa kwambiri. Chenjeraninso ndi mipukutu yotchipa imene ilibe cholembedwa chilichonse. Paipi yeniyeni imadindidwa saizi ndi PN, nambala yosonyeza pulesha imene ingapirire, m'litali mwake monse. Wogulitsa wina anandilumbirira kuti yake ndi "yochokera kunja", koma nditaidula khoma linali lonenepa mbali ina, lopyapyala mbali ina. Zoterozo zikakhala padzuwa miyezi ingapo zimang'aluka.

Zotsalazo n'zachangu. Elbow iliyonse (cholumikizira chokhotetsa paipi), valavu ndi mpope zimadya head yokwana K(v²/2g), chilichonse chili ndi nambala yake K, elbow wamba K yake ili pafupi ndi 0.9. Ziphatikizeni, kapena ngati mwatopa onjezerani 10 peresenti pa hf pa paipi yaitali chonchi. Musalole paipi kukwera chulu n'kutsikanso, mpweya umakodwa pamwambapo madzi n'kuima. Ikani valavu potulukira pa thanki. Musanakwirire ngalande, tsegulani mpope, tengani ndowa ndi foni, muwerenge masekondi.