Mmene Mungadziwire Tinyumba ta Pulasitiki Tabwino Toika M'mbali mwa Njanji za Sitima Zoseweretsa

Musanagule bokosi la zidutswa za pulasitiki zomangira tinyumba timeneti, yambani mwayang'ana sikelo yake, yomwe imasonyeza kuti kanyumbako n'kakang'ono kangati poyerekeza ndi nyumba yeniyeni. Kanyumba ka sikelo ya OO, yomwe ndi 1:76, kamaoneka kakakulu mopitirira muyeso kakaikidwa pafupi ndi sitima za HO, za 1:87, ngakhale kuti sitima za masikelo awiriwa zimayenda pa njanji yofanana ya mamilimita 16.5. Njira yachidule yodziwira sikelo ndiyo kuyeza chitseko cha kanyumbako, pakuti chitseko chomwe pa nyumba yeniyeni n'cha mamita awiri chiyenera kutalika pafupifupi mamilimita 23 pa HO.

Mukatsegula bokosilo, gonekani khoma limodzi patebulo losalala. Likakhala lopindika, ngodya sizidzakumana bwino, ndipo guluu sangatseke mpata wotero. Ine sindidandaula kwenikweni ndi tinyenyeswa ta pulasitiki totsalira m'mphepete mwa zidutswa, poti timachoka mosavuta ndi kampeni. Chimene sindichikhululukira ndi mafelemu a mazenera okhuthala kwambiri, chifukwa amawononga maonekedwe a kanyumba konse ndipo kuwakonza n'kovuta. Onaninso ngati mizere ya njerwa ikulumikizana bwino pangodya.

Ngati mudzaika magetsi m'kati, unikani khomalo ndi tochi. Kuwala kukadutsa, pakani penti yakuda mbali ya m'kati musanamate.