Kupanga image ya Ubuntu Server ndi Packer

Ngati ofesi yanu ku Limbe kapena ku Ginnery Corner imafuna ma VM (makompyuta oyerekezera oyenda m'kati mwa kompyuta ina) pafupipafupi, lekani kuika Ubuntu pamanja. Pangani image imodzi (kope la Ubuntu yoikidwa kale) ndi Packer, pulogalamu ya kampani ya HashiCorp yopangira ma image, ma VM onse azichokera m'menemo.

Koperani ISO (fayilo yoikira) ya Ubuntu Server 24.04 kamodzi, muisunge pa seva ya muofesi, bandulo ndi yodula. Mu fayilo ya malangizo a Packer (.pkr.hcl), iso_url iloze kumeneko. Musaiwale iso_checksum: intaneti ikadukiza, ISO imafika yoperewera, ndipo checksum ndiyo imatulukira zimenezo. Mayankho a installer alembeni mu fayilo ya user-data ya autoinstall (njira yoti Ubuntu idziike yokha), kenako yendetsani packer init, packer validate ndi packer build. ssh_timeout muiike pa 45m, chifukwa netiweki ikamakwawa Packer amatopa kudikira installer isanamalize. Makina oyendetsa Packer akhale pa UPS. Magetsi akathima pakati, mumayambiranso.

Pomwe ambiri amapunthwa ndi pa kuyeretsa. Script yomaliza ikhuthule /etc/machine-id (nambala yozindikiritsa makina) ndi truncate -s 0, ifufute mafayilo a ssh_host mu /etc/ssh, ndipo iyendetse cloud-init clean (cloud-init ndi pulogalamu yokonza VM ikayaka koyamba). Mukapanda kutero, ma VM onse amadzidziwitsa kwa DHCP (yogawa ma IP pa netiweki) ngati makina amodzi, n'kumalimbirana IP imodzi. Makiyi a SSH a m'mafayilo a ssh_host aja musadandaule nawo, cloud-init imapanga atsopano VM ikayaka koyamba. Password ndi makiyi anuanu, chonde, zisatsale mu image.