Girizi wochuluka akupsereza mabering'i

Nyengo ino yothirira mapampu ndi mamota ambiri aima bering'i itapsa, ndipo ukatsegula umapeza girizi ali thoo, mpaka kusefukira pa silo (chotsekera cha m'mbali mwa bering'i). Vuto si kusowa girizi ayi. Anthu akupopera mosalekeza, ati mpaka atulukire mbali inayo. Ukawaletsa amakuyang'ana ngati wazungulira mutu.

Chimene chimateteza timipira ta m'bering'i kuti tisakhulane ndi njira yake ndi kamafuta kopyapyala zedi, kawirikawiri kosakwana maikoroni 1. Tsitsi limodzi la munthu limanenepa kuposa pamenepo ka 50 kapena kupitirira. Kamafutako kamadalira kulimba kwa oyilo, liwiro la shafti ndi kutentha. Kuchulutsa girizi sikukanenepetsa. Akatswiri a pa yunivesite ya Sheffield ku England amakayeza bering'i ikuzungulira: amaika kachipangizo kunja kwa bering'i, n'kumatumiza mafunde a ultrasound (phokoso losamveka ndi khutu la munthu) kudzera m'chitsulo. Kamafutako kakapyapyala, mafunde ambiri amangodutsa ndipo obwerera amachepa. Kampira kalikonse kakamadutsa pamalopo amawerenga. Nanga inu mukudzaza bokosi lonse chifukwa chiyani?

Mukadzaza, timipira timavutika ngati munthu woyenda m'matope. Kutentha kumakwera, oyilo amasungunuka kwambiri, ndipo kamafuta koteteza kaja kamapyapyaliratu. Girizi ndi oyilo wosungidwa mu sopo wapadera. Akatenthedwa oyiloyo amathawa, n'kutsala chimbulu chouma chimene chimatsekereza girizi watsopano. Kutentha kukadutsa madigiri 70, madigiri 15 alionse owonjezera amadula moyo wa girizi ndi theka. Silo nayo imaphulika ndi mphamvu ya gani yopopera girizi, fumbi ndi madzi n'kulowa. Pa mota ndiye zoopsa, girizi amakafika ku mawaya a mkati, basi kukakulungitsanso mota, mbewu zikufota m'munda.

Mlimi wina anandiitana kuti pampu yake ikulira. Anali atasintha kale bering'i, akunyoza wogulitsa kuti anamupatsa yabodza. Akuti, "Ine sindiimana, m'mawa ulionse ndimaithira." Titachotsa tinapeza kuti ndi ya 2RS, yomata mbali zonse, imene imabwera ndi girizi wake ndipo sithiridwanso. Girizi wake wa m'mawa uja anali atakankhira silo mkati, ikudyana ndi timipira. Anangoti kukamwa yasa, koma sanavomere msanga.

Amene angakwanitse apeze kachipangizo ka m'manja ka ultrasound. Aka sikayeza kunenepa kwa mafuta ngati ka ku Sheffield, kamangomvera kukhulana pa 30 kHz, pomwe khutu lathu limalekera pa 20 kHz. Lembani ma dB (muyeso wa kukula kwa phokoso) bering'i ili bwino. Akakwera ndi 8, popani kamodzi, dikirani, mverani. Akatsika lekani, ndipo akayambanso kukwera ndiye mwapyola. Opanda kachipangizoka achulukitse kukula kwa kunja kwa bering'i ndi kutambalala kwake m'mamilimita, kenako ndi 0.005, apeza magalamu a girizi woti athire. Bering'i ya nambala 6206 ndi 62 ndi 16, pafupifupi magalamu 5 basi. Pukutani kanipo kolowera girizi musanapope, tsegulani kabawuti ka pansi kuti wakale atuluke makina akuyenda, ndipo girizi wa lithium musamusakanize ndi wa polyurea.