Mmene Mungadziwire Ngati Khoti Lapereka Chilango Chosapyola Mphamvu Zake

M'bale wanu akamayankha mlandu wa upandu, muyenera kudziwa kuti chilango chili ndi malire awiri. Malire oyamba ndi chilango chachikulu chimene lamulo linaika pa mlanduwo, ndipo achiwiri ndi mphamvu za khoti limene likuuzenga. Woweruza saloledwa kupyola alionse mwa malire amenewa, choncho amene ali ochepa pa awiriwa ndiwo amamanga manja ake.

Yambani ndi kupeza dzina la mlandu ndi gawo la lamulo limene woimbidwa mlandu akuti anaphwanya. Zimenezi zimalembedwa pa chikalata cha mlandu, ndipo zimawerengedwa poyera tsiku loyamba, pamene munthu akufunsidwa ngati akuvomera kapena kukana. Mwachitsanzo, lamulo la Penal Code limati kuba wamba kusapyole zaka 5 za ukaidi, pamene kugwirira kungathe kum'tengera munthu kundende moyo wake wonse.

Kenaka funsani kwa kalaliki wa khoti udindo wa majisitireti amene akuzenga mlanduwo, pakuti ambiri timangoti “amajisitireti” ngati kuti onse ndi ofanana. Gawo 14 la lamulo la Criminal Procedure and Evidence Code, monga linakonzedwera mu 2010, limawasiyanitsa. Majisitireti wa udindo wa Resident, amene amakhala ndi digiri ya zamalamulo, angathe kugamula mpaka zaka 21, ndipo mphamvu imeneyi ndi yomweyo kaya ndi Senior, Principal kapena Chief Resident. Wa giredi yoyamba amalekera pa zaka 14, wa giredi yachiwiri pa zaka 10, wa giredi yachitatu pa zaka 3, ndipo wa giredi yachinayi sangapyole miyezi 12. Palibe majisitireti amene angagamule kuti munthu anyongedwe.

Tsono ikani ziwirizi pamodzi. Munthu wopezeka wolakwa pa kuba wamba pamaso pa majisitireti wa Resident sangalandire zoposa zaka 5, chifukwa apa lamulo la mlanduwo ndilo lopanikiza. Koma wopezeka wolakwa pa kugwirira pamaso pa majisitireti wa giredi yoyamba sangapatsidwe zoposa zaka 14 m'khoti limenelo, ngakhale lamulo limalola ukaidi wa moyo wonse. Majisitireti akaona kuti mlandu ndi woopsa kuposa mphamvu zake, amautumiza ku khoti lapamwamba kuti likapereke chilango chokha. Achibale a wolakwiridwa ayenera kudziwa njira imeneyi, chifukwa nthawi zina amatuluka m'khoti okhumudwa poganiza kuti woweruza wakondera, pamene iye wangofika pa malire ake.

Milandu ina, monga kupha munthu ndi kuukira boma, siizengedwa konse ndi majisitireti. Woganiziridwa amangoonekera kumeneko kuti auzidwe mlandu wake, kenaka nkhaniyo imapita ku High Court, imene imakhala ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba ndipo ingapereke chilango chilichonse chimene lamulo limalola. Kuyambira pa chigamulo cha mlandu wa Kafantayeni mu 2007, wopezeka wolakwa pa kupha sagamulidwanso kunyongedwa mokakamiza, koma jaji amayamba wamva zochepetsa chilango. Mwana wosakwana zaka 18 mlandu wake umapita ku khoti la ana, ndipo sayenera kutumizidwa kundende ya akuluakulu.

Chigamulo chikaperekedwa, musaone ngati nkhani yatha. Gawo 15 la lamulo lija la Criminal Procedure and Evidence Code limafuna kuti zilango zina zikaunikidwe ndi High Court ngakhale munthu asanadandaule: ukaidi wopyola zaka 2 wochokera kwa majisitireti wa Resident, wopyola chaka chimodzi wochokera kwa wa giredi yoyamba, komanso ukaidi woperekedwa kwa munthu amene walakwa koyamba. Jaji amawerenga failo yonse, ndipo angathe kutsimikiza chilangocho, kuchichepetsa, kuchionjezera kapena kuthetseratu chigamulo. Apa ndi pamene anthu osauka amaonongekera, chifukwa failo ikachedwa kuchoka ku khoti la m'boma, munthu amapitiriza ukaidi umene jaji akanatha kuufupikitsa. Pitani kwa kalaliki ndi nambala ya mlandu, mufunse tsiku limene failo inatumizidwa, ndipo mulilembe.

Onaninso ngati majisitireti analemba chifukwa chimene anatumizira kundende munthu wolakwa koyamba, pakuti gawo 340 la lamulo lomwelo limati ndende isakhale njira yoyamba kwa wotere. Khoti liyenera kuganizira kaye chilango choimitsidwa kapena ntchito zothandiza anthu m'dera.

Ngati mukuona kuti chilango chapyola malire kapena chakula mosayenera, chitani apilo ku High Court, ndipo chidziwitso cha apiloyo chiperekedwe pasanathe masiku 10 chigamulo chiperekedwere. Wosakhutirabe angathe kupita ku Supreme Court of Appeal. Amene alibe ndalama za loya apite ku ofesi ya Legal Aid Bureau, ndipo amene ali kale m'ndende apereke chidziwitso chake kudzera kwa mkulu wa ndendeyo.