Momwe mungakonzere yerba mate, chikho chanu chisachite chuku

Amene mumatsatira mpira mwamuonapo Lionel Messi kapena Luis Suárez akutsika m'basi, fulasiki ili kukhwapa, m'manja muli kachikho kokhala ndi kampope kachitsulo. Chimene amamwacho ndi mate, chakumwa chopangidwa ndi yerba, amene ndi masamba ouma a mtengo wotchedwa Ilex paraguariensis. Mtengowu umamera ku Paraguay, kumwera kwa Brazil ndi m'zigawo za Misiones ndi Corrientes ku Argentina. Anthu a mtundu wa Guaraní ankamwa mate azungu asanafike, ndipo ansembe a gulu la Jesuit anayamba kulima mtengowu m'minda m'zaka za m'ma 1600. Lero wafika kutali moti dziko logula yerba yambiri ya ku Argentina ndi Syria, poti Asiriya amene anakakhala kumeneko anabwerera kwawo ndi chizolowezichi.

Mufunika zinthu zinayi: yerba, chikho, kampope kokhala ndi sefa kunsi kotchedwa bombilla, ndi fulasiki. Ngati mukungoyamba, gulani yerba yolembedwa kuti con palo, ya timitengo, monga Taragüi kapena Rosamonte. Siwawa kwambiri. Yerba ya Canarias imene amakonda ku Uruguay ndi yosalala ngati ufa woyera, ndipo imatseka bombilla ya munthu wosazolowera. Mukaitanitsa pa intaneti, ndalama yotumizira nthawi zina imaposa mtengo wa yerbayo, choncho ndi bwino kusonkherana ndi anzanu n'kugula mapaketi a kilogalamu. Muonenso tsiku pa paketi, chifukwa ogulitsa ena amakankha katundu wogonera amene fungo linatha kale. Bombilla zotchipa zonyezimira zija zisiyeni, zimachita dzimbiri msanga. Pezani ya stainless steel.

Tsopano pa chikho, apa ndiye ndikhalitsepo. Chikho chenicheni cha mate ndi chipanda chouma, ndipo chatsopano simumweramo chisanakonzedwe. Mumathiramo yerba yonyowa, makamaka yogwiritsidwa kale ntchito, n'kuwonjezera madzi otentha, n'kuchisiya tsiku lathunthu. Mawa lake mumataya zonse n'kupala mkati ndi supuni kuti timinofu tofewa ta chipandacho tichoke. Ambiri amabwereza kawiri kapena katatu. Chimene wogulitsa wanga sanandiuze n'chakuti ngozi yagona pa kuumitsa. Ine ndinachitsuka bwinobwino, n'kuchivundikira m'kabati, nyengo ya mvula. Pochitulutsa, mkati monse munali chuku choyera chaubweya, fungo lake losapiririka, ndipo ndinangochitaya.

Ndiye mukatha kumwa, kokolani yerba yonse nthawi yomweyo, osayembekeza mawa. Tsukani ndi madzi okha, sopo ayi, chifukwa chipanda chimamwa fungo lake. Pukutani mkati ndi kapepala, ndipo muchigoneke cham'mbali pamalo opita mphepo, kukamwa kuli poyera. Musachivundikire, musachitsekere m'kabati. Mkati mukada kapena kubiriwira, musadandaule, ndi mtundu wa yerba umenewo. Chuku chimadziwika ndi ubweya wake ndi fungo. Samalaninso popala kuti musaboole kachotupa kapansi pa chikho, mukatero chidzadontha mpaka kalekale. Kunena zoona, amene safuna mavuto onsewa agule chikho chachitsulo kapena chagalasi. Akuluakulu a ku Montevideo, likulu la Uruguay, angakuyang'aneni ndi diso lofiira, koma mate wake ndi yemweyo.

Kukonza kwenikweni n'kwachidule. Thirani yerba mpaka magawo awiri mwa atatu a chikho. Tsekani kukamwa ndi chikhatho, tembenuzani, gwedezani, kuti fumbi likwere pamwamba lisatseke sefa. Pochibweza chipendeketseni kuti yerba iunjikane mbali imodzi, mbali inayo patsale dzenje. M'dzenjemo thirani madzi ofunda pang'ono, dikirani alowerere, kenako lowetsani bombilla mutatseka kukamwa kwake ndi chala chachikulu. Ikalowa yalowa. Osaigwedezanso, osatakasa.

Madzi akhale a madigiri 70 mpaka 80, osati owira. Owira amawotcha yerba, imawawa kwambiri n'kusukuluka msanga. Komanso bungwe la IARC lofufuza za khansa linachenjeza mu 2016 kuti kumwa zakumwa zotentha kuposa madigiri 65 kungawononge kummero, choncho musamathamangire kumwa. Ine ndimachotsa ketulo pamoto ikangoyamba kulira, timathovu tikuoneka pansi. Mukaiwala n'kuwira, onjezani madzi ozizira pang'ono mufulasiki. Thirani pafupi ndi bombilla nthawi zonse, mulu wa yerba wapamwamba ukhale wouma kuti muziunyowetsa pang'onopang'ono.

Mukakhala pagulu, wothira madzi ndi mmodzi, amatchedwa cebador. Iye amamwa chikho choyamba chifukwa ndicho chowawitsitsa, kenako amathira n'kupatsa wina. Wolandira amamwa chonse mpaka kampope kalire, n'kubweza kwa cebador, osati kwa mnzake wapambali. Bombilla ndi imodzi yomweyo kwa onse, ndiye wodwala chimfine akhale ndi chikho chake. Musafulumire kuthokoza: mukanena kuti gracias ndiye kuti mwakhuta, sakupatsaninso.

Yerba ikayamba kuyandama, thovu litatha, yasukuluka, sinthani. Shuga thirani ngati mukufuna, ena amakwiya nazo, ena ayi. Kukatentha chitani za ku Paraguay, madzi ozizira a ayezi ndi timasamba tonunkhira, ndiye tereré ameneyo, amene UNESCO inamuika pa mndandanda wa chikhalidwe cha dziko lonse mu 2020. Mate ali ndi caffeine, choncho madzulo muchepetse ngati mukufuna tulo.